Mluzu wa Pumbwa wa Kwathu

Ku esiteti, Kasungu
18 Ogasiti 1994

Okondedwa achimwene a Gilibati,

Muli bwanji kumeneko ku Mitundu, inu ndi alamu? Ine ndi ana tilipo, koma amuna anga a Efulemu ali gone m'chipatala.

Lachiwiri masana anthu a m'midzi yozungulira esiteti anatigwera ndi zikwanje ndi zibonga. Ankakuwa kuti matipate abwera, malo a makolo awo abwerere, ife matenanti tichoke. Anatentha zigafa za fodya ndi nyumba zathu. Mnzathu Isake anamutema ine ndikuona, magazi ngati pophera mbuzi. Ndinabereka Tawina, kukoka Mphatso, n'kukalowa m'bango kumtsinje.

Mukuwadziwa alamu anu ndi mbalame zawo. Chifikireni kuno akhala akudandaula kuti apumbwa a kuno sadziwa kuimba, amakoka mawu kumapeto pomwe a kwathu amadula msanga. Ndinkawaseka kuti angotsegula sukulu ya mbalame. Mluzu wa pumbwa wa kwathuwo ndi umene ankandiitanira kumunda.

Tili m'bangomo ndinaumva mluzuwo. A Efulemu ankatifunafuna. Koma pafupi nafe panali pataima amuna atatu, ndipo mmodzi anauza anzake kuti imeneyo si mbalame ya kuno, ndi munthu. Achimwene, ndinamutseka pakamwa Tawina, osayankha. Amuna anga anaimbanso, ine zii. Ndikanayankha akanaleka, koma zikwanjezo zikanabwera kwa ana. Ataimba kachitatu anawapeza. Zibonga zonse ndinazimva, mpaka analeka kukuwa.

Anawathyola chibwano ndi nthiti, ndipo adokotala akuti magazi akutayikira m'kati. Sakuyankhula, amangondiyang'ana. Kaya akudziwa kuti ndinawamva, kaya. Mtima ukundiwawa koopsa.

Pempho langa ndi limodzi. Kwerani minibasi mupite ku Nathenje mukawauze apongozi anga abwere msanga. Mukawauze zonse, ngakhale zoti mwana wawo anandiitana katatu ine osayankha, chifukwa ndikadzawaona pakamwa padzandiuma. Ngati n'kunditukwana adzanditukwanire konkuno, bola amupeze akupuma.

Mundiperekere moni kwa amalume, kwa azakhali a ku Nkhoma ndi kwa ana onse. Amayi musawawerengere kalatayi, mtima wawo mukuudziwa. Tipempherereni.

Ndine mlongo wanu,
Jacinta