Mbale Zija Tinasungunula

Sudbury, ku America, Malichi 1775

Okondedwa asuweni a Dorcas,

Ndikhulupirira muli bwino ku England konko. Ine ndilipo, mano atsala awiri, nawonso sakuyankhulana.

Tiyi wa mfumu yanuyo tinaleka kumwa pokana msonkho wake. Tikumwa masamba a kutchire owawa ngati lilime la mkazi wanga, koma ukadandaula anzako amakuyang'ana moipa.

Mukukumbukira mbale zamtovu zija munatumiza pa ukwati wa mwana wanga Asahel? Pano tikudyera pathabwa. Iye anazisungunula n'kuumba timibulu tokwana pakamwa pa mfuti. Nditamufunsa anati, "Bambo, n'zosakira agwape." Ndinati, "Agwape ake ati, ovala majekete ofiira?" Sanaseke. Mudzi wonse waleka kuseka nthabwala zanga.

Mwalemba kuti mwana wanu Barnabas ali kuno ku Boston ndi asilikali a mfumu a majekete ofiira aja, ndipo akufuna kudzationa chisanu chikatha. Abwere ndithu, nkhumba tamusungira. Koma abwere yekha, jekete lija alisiye. Akadzamva kuti gulu lake likulowera msewu wathu uno, adzadwale tsiku limenelo.

Asahel sayidziwa nkhope ya Barnabas.

Ndine msuweni wanu wosamva uja,
Obadiah Tuttle