Filimu ya Abambo Yapsa

Okondedwa Malume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni. Kuno ku Chinsapo tilipo, kusukulu ndikupita.

Munandilangiza kuti kamera ya malemu abambo ndisaitsegule kumbuyo filimu ili mkati, chifukwa kuwala kumawononga zithunzi. Ndinamvera. Munali zithunzi zomwe ndinawajambula asanagonekedwe m'chipatala.

Loweruka amuna atsopano a amayi, a Peterson, anaitsegula padzuwa, amvekere, "Iwe, memore khadi yake ili pati?" Wotsuka zithunzi akuti filimu yonse yapsa. Amayi anangoti, "Khala chete, nyumba ndi yawo."

Malume, pafilimu yopsa sipangatuluke ngakhale nkhope imodzi? Nanga kwanuko, malo oyala mphasa imodzi sangapezeke?

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Mayankho