Ndinaika makapu asanu ndi awiri, anthu tili asanu

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 73. Ndinagwira ntchito ya unamwino zaka 34, ndipo zaka 26 mwa zimenezi ndinali m'chipinda chochitira opaleshoni. Kumeneko ntchito yanga yaikulu inali kuwerenga zipangizo. Tisanayambe tinkawerenga masizasi, masingano ndi tinsalu topukutira magazi, ndipo dokotala asanasoke munthu tinkawerenganso. Lamulo linali lakuti tiziwerenga anthu awiri, mokweza mawu, wina akuloza wina akuvomera. Kansalu kamodzi kakasowa, dokotala ankaima ndi singano m'manja mpaka kapezeke. Pa zaka zonsezo palibe wodwala amene anapita kwawo ndi katundu wathu m'mimba.

Ntchito ndinapuma, koma chizolowezicho sichinapume. Kuchokera pabedi kukafika kukhitchini ndi mapazi 19. Masipuni tili nawo 23, chifukwa imodzi inatsagana ndi alendo. Amuna anga, amene anali kalipentala, amanditcha a Sisitala. Ine ndimawatcha a Pafupifupi, popeza mukawafunsa kuti misomali yatsala ingati amayankha kuti, "Pafupifupi yokwanira." Takhala m'banja zaka 48, ngakhale iwo amauza anthu kuti pafupifupi 50.

Kwa zaka zitatu tsopano maso anga akhala akufooka. Pakati penipeni pa chinthu chimene ndikuyang'ana pamakhala ngati pali utsi, ndipo magalasi sathandiza kwenikweni. Zimenezo ndinazolowera. Chimene ndalembera kalatayi chinayamba masabata asanu ndi anayi apitawo.

Linali Lamlungu masana. Mwana wathu wamkazi anabwera kudzationa pamodzi ndi mwamuna wake ndi apongozi ake aakazi. Ndinasuzumira pabalaza, ndinawerenga anthu asanu ndi mmodzi, kuonjezera ine asanu ndi awiri, n'kubweretsa makapu asanu ndi awiri a tiyi. Awiri ndinawaika patsogolo pa amayi awiri ovala zipewa zobiriwira amene anakhala pa sofa ya pafupi ndi zenera. Ndinkayesa ndi abale a apongoziwo, ndipo mumtima ndinkangoti anthu ake ndi osadziwa kupereka moni.

"Nanga awa ndi a ndani, amayi?" anafunsa mwana wanga, akuloza makapuwo.

Nditayang'ananso, pa sofa panali makushoni okha.

"Lembani tsikuli pakhoma!" anatero a Pafupifupi akuomba m'manja. "A Sisitala aphonya ine ndikadali moyo!"

Onse anaseka, inenso ndinaseka, koma kukhitchini ndinakafika ndikugwira khoma.

Kuyambira tsikulo ndili ndi kope limene ndimalembamo tsiku, nthawi, malo ndi zimene ndaona. Zafika 41. Amayi a zipewa aja abwera ka 17. Maluwa omera pakhoma la kuchipinda ndawaona ka 15. Mbalame yaikulu yokhala phee pamwamba pa fuliji, ka 9. Salankhula, sasuntha kanthu, ndipo amakonda kubwera ndikakhala chete dzuwa litapendeka. Sindiwaopa. Ndimadziwa kuti kulibe.

Chondisautsa n'chakuti iwowa amaoneka bwino kuposa anthu enieni. Malaya a mayi wa kumanzere ali ndi mabatani asanu ndi limodzi, ndipo lachitatu linasokedwa ndi ulusi wosiyana. Koma nkhope ya mwamuna amene ndakhala naye zaka 48 ndimaiona ngati ili kuseri kwa galasi la nthunzi. Tsono ndimadzifunsa: ngati maso anga akudziwa kunama mwaluso chonchi, ndidziwa bwanji kuti zinazo ndi zoona?

Ndinayamba kumawagwira mkono amuna anga kuti nditsimikize kuti alipo. Pofika dzulo ndinali nditawagwira ka 112, ndipo izinso ndimalemba kumapeto kwa kope lija. Iwo sakudziwa chifukwa chake. Tsiku lina anati, "Kodi a Sisitala, chikondi chaphukiranso? Mukanandichenjeza ndimete ndevu." Masiku ano amadzola mafuta onunkhira ngakhale akupita kukakonza mwendo wa mpando kukhonde.

Komatu ngakhale dzanja sindikulikhulupirira. Ndikukumbukira bambo wina amene tinam'dula mwendo, patapita masiku atatu akundichonderera kuti, "Sisitala, ndikandeniko chala chachikulucho," chikhalirecho mwendowo kulibe. Makutu nawo amalira okha nthawi zina. Ndayesa chimodzi ndi chimodzi, maso, makutu, mphuno, lilime, khungu, zonse zisanu ndapeza kuti zikhoza kunama. Aphungu, inu munaphunzira: kodi ilipo njira yodziwira kuti tebulo ili, khitchini iyi, mwamuna uyu zilipodi, yosadzera m'zisanu zimenezi? Ndaifunafuna masabata asanu ndi anayi, sindinaipeze.

Mwina mukuti ndi maganizo a nkhalamba yosowa chochita. Imvani ichi. M'mawa uliwonse, kwa zaka 11, ndine amene ndimawawerengera amuna anga mankhwala a mtima. Amakhala mapiritsi anayi m'kambale. Lachiwiri lapitali ndinaona anayi, kuphethira asanu, kuphethiranso anayi. Ndinawawerenga ndi zala katatu ndisanapereke. Iwo anangomeza osayang'ana n'komwe, monga mwa masiku onse, n'kunena kuti, "Zikomo a Sisitala."

Sindinauze munthu. Mwana wathu anayamba kale kunena kuti takalamba, tisamukire kwawo. Akamva izi adzati mutu wasokonekera, kambale kaja adzandilanda, nyumba ino tidzaitseka. Apongozi akewo adzathamangira za mizimu. Ndipo a Pafupifupi, amene moyo wawo wonse atsamira pa kuwerenga kwanga, adzatsamira pati?

Lachinayi la sabata yamawa ndikupita kwa dokotala wa maso, ndipo mwanayo ndi amene adzandiperekeze. Ndikanene, kapena ndingokhala chete n'kumawerenga mosamala kuposa kale?

E.K., namwino wopuma ntchito


Mayi E.K.,

Khazikani mtima pansi. Ine sindine dokotala, koma ichi madokotala a maso amachidziwa: anthu ena amene maso awo akufooka amayamba kuona anthu, maluwa kapena nyama zomwe palibe, mutu wawo uli bwinobwino. Maso akachepetsa zithunzi zimene amatumiza, ubongo nthawi zina umadzipangira zake. Ambiri amabisa chifukwa cha mantha omwe muli nawowa. Komabe pali matenda ena ndi mankhwala ena amene amachititsanso zofananazo, ndipo kusiyanitsa kwake si kwa ine kapena inu. Nkhaniyi dokotala ayenera kuimva yonse.

Funso lanu lalikulu lija ndikuyankhani mosapsatira. Ayi, njira imeneyo kulibe. Palibe munthu amene anatulukapo m'thupi mwake n'kukaima pambali kuti aone ngati maso ake akunena zoona. Anthu ophunzira akangana za nkhaniyi kwa zaka zambirimbiri, ndipo onse pomaliza amatsegula chitseko asanatuluke m'chipinda. Mukadikira umboni wa mtundu umenewo mudzadikira mpaka kalekale.

Koma yankho limene lingakuthandizeni mwalilemba nokha m'ndime yoyamba ya kalata yanu. Amene anakhazikitsa lamulo la m'chipinda cha opaleshoni ankadziwa kuti maso a namwino, ngakhale wakhama ngati inu, akhoza kuphonya. Sanafunefune maso osalakwa. Anangoti muziwerenga awiri, mokweza. Umboni umenewo unali wokwanira kusokerapo mimba za anthu zaka 26. Nanga bwanji lero, maso atafooka, m'pamene mwasankha kuwerenga nokha, chamumtima, m'kope lobisa? Namwino wamng'ono akanachita zimenezo pamaso panu, mukanam'tulutsa panja.

Taonaninso kusiyana kwa alendo anu ndi amuna anu. Amayi a zipewa aja sanakutsutsenipo, sanasiyepo kapu yakuda, sanakuuzenipo kanthu kamene simunkadziwa. A Pafupifupi amakusekani, amaphonya zaka za ukwati wawo womwe, ndipo Lamlungu lija anaona makushoni pamene inu mumaona anthu. Munthu amene akhoza kukuuzani kuti mwalakwa, ameneyo ndiye wachiwiri wanu powerenga. Muli naye m'nyumba, wadzola kale mafuta onunkhira.

Tsono chitani izi. Auzeni lero, musadikire Lachinayi. Akhazikeni pansi, muwapatse kopelo, muwauze kuti mukufuna munthu wovomera. Mukaona mbalame pa fuliji muzinena mokweza, iwo aziyang'ana n'kuyankha. Chenjezo kwa iwo ndi limodzi: pa ntchito imeneyi mawu akuti "pafupifupi" ndi oletsedwa.

Mwana wanu muuzeni musanalowe kwa dokotala, bambo ake ali pomwepo, kuti asakamvere pakhomo la chipatala. Mwana amene wauzidwa ndi mayi ake, kope lolembedwa mwadongosolo lili m'manja, savuta kukambirana naye ngati amene watulukira yekha zinthu zitalakwika. Za kusamuka mukambirane mutamva zimene dokotala wanena. Apongozi akewo nkhaniyi si yawo. Kopelo mupite nalo kuchipatala, pamodzi ndi mankhwala onse amene inuyo mumamwa.

Pa za mapiritsi ndiye sindikunyengererani. Kuyambira mawa m'mawa musaperekenso mankhwala a mtima muli nokha, ngakhale mutawerenga ndi zala kakhumi. Kambale kakhale m'manja mwanu, palibe akukulandani, koma inu muziloza, iwo azivomera, "limodzi, awiri, atatu, anayi," kenako azimeza. Zaka 11 akhala akumeza osayang'ana chifukwa amakukhulupirirani. Musalole kuti chikhulupiriro chimenecho chidzawapweteke chifukwa inu munachita manyazi. Ndipo alendo anu akadzayamba kulankhula, kukuopsani, kapena mukadzayamba kusokoneza masiku ndi mayina, musadzadikire tsiku la kuchipatala, mudzapite tsiku lomwelo.

Mukawauza zoona a Pafupifupi, adzadziwa kuti ka 112 kaja munkangofuna kutsimikiza kuti alipo. Mwina adzakhumudwa pang'ono, poti ndevu anameta kale. Choncho mkonowo musasiye kuugwira. Kungoti kuyambira pa 113 musamalembenso m'kope.

Aphungu