Thebulo Lopanda Maenje

Amayi anga okondedwa,

Kodi kukucha bwanji kumene muliko? Ife kuno tilipo, kungoti chimfine cha nyengo yozizira chatizungulira nyumba yonse. Chinayambira kwa mdzukulu wanu Monika n'kudzathera kwa atate ake, amene paja akadwala chimfine mudzi wonse umadziwa. Papita mvula ziwiri chikuikireni m'manda, ndipo ndakhala ndikungoti ndilemba, ndilemba. Lero ndalemba chifukwa ndili ndi mlandu kwa inu. Koma ndiyambe ndi za pakhomo, paja munkati munthu sayamba kutula mlandu asanapereke moni.

Chimanga chaka chino chachita bwino, tayamika Mulungu. Nkhokwe yadzaza mpaka tamanga ina yaing'ono pafupi ndi khola. Si ngati chaka chija cha chilala, pamene tinkadya chimanga chachikasu inu n'kumati chikununkha sitima. Vuto ndi ogula. Boma siligulanso ngati kale, kumangobwera anyamata a malole ochokera ku Lusaka ndi masikelo awoawo, ndipo ine sikelo ya munthu wovala magalasi akuda sindiikhulupirira. Mwana wanu Petulo wakhazikika ku Kanakantapa, akulima kabichi ndi tomato. Akazi ake abereka mwana wamwamuna mwezi wathawu. Ndinapita kukamuona, minibasi inatigwedeza mumsewu wafumbi uja mpaka ndinafika msana uli mbali. Mphuno ndi yanu ndithu, Amayi, mwana wosalakwa. Mbuzi yanu yamawanga yaswa awiri, ndipo ikubabe sopo pa thandala.

Tsopano mlandu uja. Ndaulula chinsinsi chanu, ndiponso ndachiulula pamaso pa mpingo wonse.

Ndikunena za thebulo lija la m'holo ya mishoni, lansalu yobiriwira, lopanda maenje m'makona, limene Abulazala Yozefe anabwera nalo kuchokera kwawo ku Ulaya. Zaka zonse munkagwira ntchito yosesa ndi kuchapa ku mishoni, Loweruka lililonse m'mawa munkalipukuta ndi bulashi, ndipo nyengo ya mvula munkalisita ndi nsimbi ya makala mutayala kansalu pamwamba, kuti chinyezi chichoke. Anthu ankaona zimenezo basi. Mukamaliza kusita munkatenga ndodo yomenyera mipira pa thebulo lomwelo. Wansembe amene ankasewera ndi Abulazala atabwerera kwawo, mkulu uja anasowa mnzake, nakuphunzitsani inu. Mipira itatu yokha, iwiri yoyera, umodzi wofiira. Umenya wako kuti ukakhudze inzake yonse iwiri, kho, kho, ndiye wapata chimodzi. Sipanathe zaka zitatu munayamba kuwagonjetsa.

Ine munandiphunzitsa ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, nditaima pa kabokosi ka makandulo. Ndikamenya mwamphamvu munkandikoka khutu n'kunena kuti, "Kumenya aliyense amenya, nzeru ni kusiya mipira pamalo pabwino." Ndipo tikamatuluka munkandiloza chala. "Agata, pakamwa. Anthu akamva kuti mkazi wa mwini asewera na Abulazala m'holo, sadzakamba za mipira iyayi." Ndinasunga. Atate anamwalira osadziwa. Abulazala atamwalira anakusiyirani mipira ija, ndipo ndinaipeza pansi pa sutikesi yanu itakulungidwa mu duku, tsiku logawa zovala zanu. Azakhali ataiona analumpha n'kuchita chizindikiro cha mtanda, ati ndi mankhwala. Ine ndinangoti ndikataya, n'kukaibisa m'chitini cha mabatani.

Chichokere inu thebulo lija lasanduka poikapo mabuku a nyimbo ndi maluwa a ku tchalitchi. Ndinkalidutsa ngati sindikulidziwa.

Nkhani inayamba itapita Pasaka. Aphunzitsi Mwale, amene tsopano amatsogolera achinyamata a mpingo, anabwera ndi nyuzipepala ya ku Lusaka. M'menemo munalembedwa kuti akuluakulu a masewera aja a mayiko onse, kumene othamanga, ankhonya ndi osambira amakumana pamodzi, akuganiza zolowetsamo masewera a ndodo ndi mipira, koma sakugwirizana kuti alowetse ati. Amayi, akanakhala kuti anthu aja akudziwa kuti mlandu wawo ukuweruzidwa pansi pa mtengo wa mango kuno ku Chongwe, akanangokhala pansi n'kudikira. Masabata atatu, Misa ikangotha, azibambo sankapita kwawo.

A Tembo, aja anapuma ntchito ku migodi, anali kumbali ya sinuka, masewera a thebulo lalikulu la maenje. Ankaimirira atakoka lamba m'mwamba n'kumati, "Sinuka ni masewera a anthu olemekezeka. Uvala tayi, osewera sakamba, oonerera sakamba. Mufuna tipeleke ku maiko masewera a m'mabala, ya anthu onunkha chibuku?" Aphunzitsi Mwale ankati pulu, ya thebulo la maenje locheperapo, ndiyo yoyenera. "Ba Tembo, sinuka yanu munthu angalime mizere khumi gemu imodzi isanathe. Thebulo yake ikulu monga dimba, ni maiko angati angaigule? Pulu ili paliponse, pa boma pano, ku Bundabunda, na ku Amereka. Mwana aliyense aona mpira walowa, aomba m'manja." Ankakangana mpaka amayi n'kumatuma ana kudzawaitana.

Chimene anagwirizana n'chimodzi chokha, kuti thebulo la m'holo ndi losamaliza. Ati azungu analitumiza mmisiri asanaboole maenje, ndiye n'chifukwa chake lakhala zaka zonsezi osagwira ntchito. Komiti ya mpingo inagamula kuti liboolewe maenje asanu ndi limodzi, achinyamata ayambe kuphunzira, mwina wina wa kuno adzakwera ndege. Ndipo mmisiri wa matabwa wa mishoni mukumudziwa, ndi mkamwini wanu, atate ake a Monika. A komiti anawauza kuti ayambe Lolemba.

Loweruka masana ndinawapeza akunola sowo pakhonde. Mtima unandipweteka, Amayi, ngati akunolera ine. Ndinalowa m'nyumba, n'kutenga chitini cha mabatani, n'kukhuthula mipira ija pamphasa patsogolo pawo. Ndinawafotokozera zonse. Nditamaliza anati, "Zaka khumi na zitatu tili pa ukwati, nikwatila munthu wa masewera osadziwa?" Anaseka mpaka kutsokomola. Atatha anati iwonso ankadabwa, chifukwa matabwa a thebulo lija ndi osalala mbali zonse, si ntchito ya munthu woiwala. "Koma ine ananituma a komiti. Ngati ufuna nibweze sowo, ukakambe wekha mailo Misa ikatha."

Ndinaganiza za inu usiku wonsewo. Ndikakhala chete thebulo liboolewa, ndipo silidzabwereranso. Ndikalankhula, dzina lanu lilowa m'kamwa mwa anthu inu mulibe pakamwa poyankhira. Ndinakwiya nanu pang'ono, ndisaname, kuti munandisiyira katundu wolemera chonchi.

Lamulungu Misa itatha anthu analowa m'holo kuti akaone pamene maenje adzakhale. Aphunzitsi anali atajambula kale ndi choko m'makona. Ndinapempha kulankhula. Kenaka ndinachotsa mabuku a nyimbo, n'kupukuta nsalu ndi m'mphepete mwa chitenje, n'kuika mipira itatu ija. Ndodo ziwiri zinali zikadali pamwamba pa kabati pamene munkazisiya, imodzi yapindika, inayo ili bwino. Ndinati, "Thebulo iyi ni yomaliza. Masewera ake ni awa."

Koyamba ndinaphonya. Ndodo inaterera, mpira unangoyenda pang'ono n'kuima ngati nkhuku yodwala. Anyamata anaseka. Ndinapaka choko, n'kupuma, n'kumenyanso. Kho, kho. Ndinamenyanso, mpira unagunda m'mbali kawiri n'kubwera kudzakhudza wofiira, kenaka woyera. Ndinafika pa zisanu ndi zinayi ndisanaphonye, ndipo kuseka kuja kunali kutatha. A Tembo anavula jekete, ati zimenezi n'zachibwana kwa munthu wa sinuka. Anayesa kasanu ndi kamodzi, anapata chimodzi, icho chomwe mwangozi. Anavalanso jekete mwaulemu ndithu.

Aphunzitsi Mwale ndi munthu wabwino, amakonda kufunsa. Anati, "Nanga imwe amake Monika, pa atatu awa, ni ati oyenera kuyenda ku maiko?" Anthu ankayembekeza kuti nditchula athuwa. Ine ndinati pulu. Ndinati kumene mayiko onse akumana kuyenera kupita masewera amene mayiko onse amawadziwa, amene wosauka angapeze pophunzirira, ndiponso amene woonerera angamve popanda womufotokozera. Sinuka ndi yokongola koma ndi ya anthu okhala ndi nyumba zazikulu ndi nthawi yambiri. Athuwa ndi ovuta kuposa onse, mpira sulowa mwamwayi, koma taonani, mpingo wonse wakhala nawo zaka makumi atatu n'kumayesa thebulo lowonongeka. Ndinati, "Pulu iyende. Koma ng'ombe siisanduka mbuzi chifukwa mwaidula nyanga. Mukaboola iyi simudzakhala na pulu yabwino, mudzangotaya iyi."

Pamenepo a Tembo anafunsa funso limene ndinkaliopa. "Nanga munaphunzira kuti?" Ndinati kwa amayi anga. "Nanga iwo?" Ndinati kwa Abulazala Yozefe, m'holo muno, Loweruka lililonse. Panamveka kung'ung'udza. Kumbuyo wina anaseka kaseko kaja koipa, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ooh, kanshi kusita kuja kunali kwina." Amayi, nkhope inandiyaka. Ndinaona kuti ndakugulitsani chifukwa cha matabwa.

Ndiye anaimirira amake Dolika, mnzanu wochapa naye uja. Akalamba tsopano, amayenda ndi ndodo, koma pakamwa mpomwe paja. Analoza amene anasekayo. "Useka chani iwe? Unali kuti? Ise tinalipo." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Agata, amako anali kuyesa ni chinsinsi. Mipira ija imveka mpaka ku chitsime! Ine na malemu amake Luka tinamva tsiku loyamba. Tinayang'ana pawindo, tinaona munthu aseka, wamene kunyumba sanali kuseka. Ndiye tinapangana. Chiwelu chilichonse tinali kubweletsa nsimbi zathu pakhonde apa, pansi pa windo iyo, kuti pasapezeke galu wokamba kuti anali awili okha. Zaka khumi na zinai, mvula na dzuwa." Ndinafunsa kuti nanga bwanji sanakuuzeni. Anati, "Akanaleka. Siuwadziwa amako na manyazi awo?"

Anati ankadziwa ngakhale amene akupambana. Akamva kho, kho, kho, kho motsatizana, kenaka Abulazala n'kuyamba kudandaula m'chinenero cha kwawo, ankagundana zigongono pakhondepo n'kumati wathu wamudya mzungu.

Ndinalira pamaso pa anthu, mwana wanu wamkulu, ndodo ili m'manja. Ndinkakumbukira amayi awiri aja pakhonde, ndinkawapatsa moni Loweruka lililonse, n'kumadabwa kuti bwanji sasitira kochapira kumene kuli mthunzi. Inu munapita mukuyesa kuti munasenza nokha. Simunali nokha, Amayi, ndipo ndi chimene ndafuna kuti mumve kuposa zonse za m'kalata muno. Ndikuthokoza amayi aja, ndikuthokoza Abulazala amene anaona kuti wosesa ali ndi dzanja, ndipo ndikuthokoza inu chifukwa chondikweza pa kabokosi kaja pamene mukanatha kundituma kukatunga madzi.

Wapampando wa komiti sanachite kuwerengetsa manja. Anangouza aphunzitsi kuti afufute choko chija. Achinyamata apatsidwa munda kuseri kwa sukulu, alime chimanga adzagule thebulo lawo la pulu, ndipo a Tembo akuti akadzagula adzawaphunzitsa kaimidwe ka anthu olemekezeka. Mkangano wa pansi pa mango sunathe, ukupitirira Lamulungu lililonse.

Anthu atayamba kutuluka, amake Dolika anatsala. Anatsamiritsa ndodo yawo yoyendera kukhoma, n'kutambasula dzanja. "Nipase iyo. Zaka zonse zija nangomvela na matu, lelo nifuna nimenyeko." Ndinawaikira zala pansalu monga munkandiikira ine. Anamenya, mpira unapita kwina, sunakhudze kanthu. Anaseka mpaka misozi, kenaka anapukuta m'maso n'kunena kuti, "Kanshi ni yovuta tele? Amako anali munthu."

Mundikhululukire poswa lonjezo langa. Ndikuikapo lina. Lachinayi lililonse, amayi akamaliza msonkhano wawo, ndizitsegula holo, ndipo aliyense wofuna kugwira ndodo ndizimuphunzitsa, n'kumuuza dzina la amene anandiphunzitsa ine. Sabata yatha anabwera asanu ndi awiri. Mupereke moni kwa Atate, muwafotokozere nokha pang'onopang'ono, ine mbali yanga ndathana nayo.

Ndine mwana wanu wokukondani masiku onse,

Agata