Mzere umodzi wosowa m'kalata ya msasa

Lachinayi, Al Nahda, kuno kunja komwe ndikugwira ntchito. Tsiku londiwawitsa mutu.

Komiti ya bungwe lathu la achinyamata kumudzi yakumana pa foni. Ikufuna kupereka malo a msasa wa patchuthi kwa sukulu yoyandikana nawo, poti korona yaletsa ana kubwera. Kalata yake ndaiwerenga katatu. Mulibe mzere wonena kuti ana azidzaloledwabe kubwera.

Ndafunsa. Apampando akuti, "Achimwene, ahedi a sukuluyo ndi munthu wabwino, musade nkhawa."

"Nanga akadzawasamutsa?"

Asanayankhe, abwana anga kuntchito kuno akuwa kuti "Yalla, fulumira, galimoto!" Ndasiya foni, ndathamangira kugalimoto. Pobwerako msonkhano unali utatha. Akuti adzasaina kalatayo Lolemba.

Mzerewo ndaulemba ndekha papepala, ndajambula, ndatumiza pagulu la komiti la pa foni. Foni ikuonetsa kuti onse asanu ndi awiri auona.