Geti Lobiriwira ku Chinsapo

6 Meyi
Miyendo yatupanso. Mwana wanga Belinda waimba kuchokera ku Zomba: chipinda changa chakonzeka, ndisazengerezenso. Nyumba ino ndiisiye m'manja mwa kampani yoyang'anira nyumba za lendi. Kunena n'kosavuta. Mlongo wake Wilkins chipitireni ku Joni, zii. Nambala yanga imene ankaidziwa inapita ndi akuba a m'minibasi. Chimene chatsala n'geti lobiriwira, kuseri kwa chigayo. Ku Chinsapo adiresi ndi imeneyo.

9 Meyi
Kampani yoyamba. Mnyamata wa taye, nsapato zoopa fumbi. Zonse ali nazo: mapepala, maloya, amisiri awoawo. Nyumba iliyonse imene atenga, geti amalipaka chikasu, mtundu wa kampani. Ndafunsa: nanga munthu akabwera kudzafuna mayi ake? Akuti, "Amayi, za eni nyumba sitiuza aliyense. N'chitetezo chanu."
Kunditeteza kwa mwana wanga.

13 Meyi
Yachiwiri, ya a Gwanda. Kachipinda kuseri kwa shopu ya matayala ku Biwi. Mpando wa alendo wogwedera, siling'i ya mabala a mvula. Osakonza chawo sangakonze changa. Koma geti langanso sangalipake penti ina. Za Wilkins amvetsera mpaka kumapeto, foni yawo ikulira osayankha. "Olowamo tidzawauza, mayi. Nambala yanu idzakhala pakhoma."

15 Meyi
Ndasaina kwa a Gwanda. Belinda wakalipa: ndasiya akatswiri n'kutola aulesi. Sananame. Chifukwa chake sindinamuuze. Iye mlongo wake anamulira kale, anamaliza.

2 Juni
Zomba. Kuzizira. Adzukulu aulemu, chakudya chopanda mchere. Geti la kuno limatsegulidwa ndi mlonda.

19 Okutobala
A Gwanda aimba za paipi yophulika. Potsanzikana, ngati kanthu koiwalika: mwezi watha kunafika bambo wina pageti, chikwama kumsana, kufunsa za ine. Olowamo anali kuntchito. Mtsikana wantchito, watsopano, anangoti anasamuka. Dzina sanafunse. Akuti munthuyo anaima pang'ono n'kubwerera.
Mwina wa kutchalitchi. Mwina wogulitsa makatani.
Ndafunsa ngati anali wamtali. Sakudziwa. Mtsikanayo anasiya ntchito, anapita kwawo ku Ntcheu, mudzi wake palibe akuudziwa.
Belinda sindimuuza. Miyendo ikalola, basi yoyamba ya ku Lilongwe