Madzi a ku Damu la Kwathu

Kapata,
Chipata.
Lolemba, 14 Okutobala 2024.

Okondedwa akulu anga a Sheila,

Tulo tandithawa masiku ano, koma musaganize kuti ndi m'mimba muja. Ululu umenewo ndinauzolowera, uli ngati mkazi mnzanga wa pamitala, timadana koma tikukhala nyumba imodzi. Chondigoneka maso ndi mlandu wa Loweruka likudzali, pamene malume a Andireya ndi ankhoswe a kuchimuna adzakhale pansi kuti atipatule ine ndi amuna anga, bambo a Faith. Pali chinthu chimene ndikuchidziwa ndekha, ndipo chandilemera. Pa foni sindingachinene, pakuti nyumba za lendi zathuzi ukatsokomola a khomo linalo amayankha kuti pepani. Nchifukwa chake kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi ya ku Migodi kuti akusiyireni pa Kabwe.

Chiyambi chake mukuchidziwa. Kupweteka kwa m'chinena kosatha, zotuluka zija, ndi magazi nthawi zonse tikakhala malo amodzi. Ku kiliniki ankangomva mawu anga oyamba, basi alemba kale: matenda opatsirana, jakisoni, mapiritsi, mubwere ndi amuna anu. Ndikabwerera, nyimbo yomweyo. Tsono amuna angawo amamata matayala a mathiraki pa malire a Mwami, kunyumba kubwera Lachisanu lokha, ndipo mbiri ya pa Mwami ndani saidziwa? Atakayezetsa nkubwera kudzanena kuti sanawapeze ndi kanthu, ndinati anayamba amwa mankhwala mobisa. Anagwada pabalaza, kolona m'manja, amvekere, "Rozaliya, pali Mulungu, sindidziwa mkazi wina." Ine ndinati, "Kalumbireni pa matayala anuwo, ndi amene amaona zonse." Inunso mutabwera pa Pasaka munawauza kuti, "Alamu, matenda sauluka ngati ntchentche, amabwera ndi munthu wa miyendo iwiri." Tsiku limenelo ndinakunyadirani. A mphakati anawatsitsa pa udindo, kuwerenga mawu m'tchalitchi anawaletsa, ndipo mpaka lero amagona kuseri kwa malo awo a matayala.

Mwezi wathawu analengeza itatha Misa kuti kwabwera a kafukufuku, akufuna amayi amene akhala nthawi yaitali akumva kupweteka m'munsi mwa mchombo. Ndinapita chabe chifukwa munthu wotopa sasankha khomo. Ndinapeza namwino wina dzina lake a Nomsa. Ndinali nditakonzeka kale kuyankha kuti amuna anga amagwira ntchito yanji, koma iwo anafunsa zina: munakulira kuti, munkachapa kuti, madzi othirira dimba mumatunga mutaima pamtunda kapena mutalowamo? Ndinatsala pang'ono kuseka. Anatenga mkodzo ndi magazi, nkundiyang'ana m'kati ndi kachipangizo kojambula.

Tsiku la zotsatira anati, "Amayi, muli ndi likodzo."

Ndinati, "Anamwino, musandiseke. Likodzo si la tianyamata tosambira m'madambo? Ine ndine mayi wa m'bungwe la Anna Woyera, mwana wanga ali ku sekondale."

Iwo amvekere, "Nkhono za m'madzi sizifunsa msinkhu, ngakhale yunifolomu ya bungwe siziiopa."

Anandifotokozera mofatsa. Akuti tizilombo timalowera pakhungu munthu akaima m'madzi a nkhonozo, timatha kukhala m'thupi zaka zambiri, ndipo kwa ife akazi mazira ake amakakanirira pa khomo la chiberekero nkupanga tizilonda. Anandionetsa chithunzi changa chomwe, timadontho ngati mchenga. Zizindikiro zake akuti zimafanana ndi za matenda a chigololo, moti ngakhale a chipatala ambiri amasokoneza, ndiye chimene iwo akufufuza. Matenda enawo anayeza, sanapeze ngakhale amodzi.

Ndinafunsa, "Nanga amuna anga?"

Anati, "Za mumtima mwa amuna anu makina athu saona. Koma ichi tapezachi sichichokera kwa mwamuna, nchochokera m'madzi."

Mapiritsi anandipatsa, ndamwa. Sanandinamize ayi. Anati tizilombo tifa, koma zipsera zina zimatsala, ululu ukhoza kuchepa kapena osatheratu, nawonso akuphunzira ndipo azindiitana kudzandionanso.

Tsopano asisi, apa ndi pamene pali tchimo langa, ndipo si lakale, ndi la lero lomwe. Sindinauze munthu aliyense. Dzulo ndinalandira Ukaristia nkhaniyi ili pakhosi. Ndinakafika mpaka pakhomo la chipinda cholapira, koma nditaona kuti m'katimo muli bambo mfumu achinyamata aja, ndinabwerera. Ndingayambire pati kwa mwana ngati ameneyo?

Chifukwa chake ndi ichi, ndikuuzeni mosabisa. Chichokereni bambo a Faith ndapumula. Kale likamayandikira Lachisanu mtima unkagunda, podziwa kuti usiku ndiluma nsalu kuti mwana asamve kulira kwanga. Pano Lachisanu ndi tsiku ngati lina lililonse. Amayi a bungwe amabwera kudzanditungira madzi, amanditcha wopirira. Ndikakanena zoona Loweruka, ndikuwaona kale malume akuwomba m'manja: "Basi, nkhani yatha! Tinkati ndi njoka, chikhalirecho ndi nkhono. Rozaliya, kawayalire amuna ako." Onse adzaseka, adzadya, adzabalalika, ndipo palibe adzafunse ngati ululu nawo wamva chigamulocho. Ndatopa, akulu anga. Ndatopa ndi mizere ya ku chipatala, ndatopa kufotokozera anthu za m'kati mwa chitenje changa, ndatopa ngakhale kupempherera kuchira. Mdyerekezi sanandiyese ndi chuma kapena mwamuna wina, wandiyesa ndi mpumulo. Amangonong'ona kuti, iwe khala chete, sunanamepo, anakuuza ndi a kiliniki. Komatu lamulo lija la umboni wonama tinaliloweza limodzi ku katekisimu, ndipo ndikudziwa kuti kukhala chete panopa ndi umboni womwewo.

Loweruka lapitali bambo a Faith anabwera ndi thumba la ufa ndi nsapato za sukulu za Faith. Sanalowe, anaima pa mpanda ngati wogulitsa makala. Awonda, kolala ya malaya ikuchita kugwa. Anati, "Mukupezako bwanji m'mimbamo, amake Faith?" Kenaka anaitana mwana kuti alandire nsapato, koma Faith anayankhira m'nyumba, "Ikani pansi pomwepo, ndidzatenga." Anawerama, nkuziika bwinobwino pamwala kuti zisadetsedwe, nkumapita. Mawu amenewo mwanayo sanawatole kumsika. Anawaphunzira kwa ine.

Choncho ndidzanena. Koma ndikufuna kudzanena ziwiri, osati chimodzi. Choyamba, kuti munthuyu tinamunamizira, ayeretsedwe pamaso pa abale, ku mphakati ndi kwa mwana wake. Chachiwiri, kuti thupi langa likadali lodwala, ndipo akabwerera m'nyumba abwere kudzadwazika, tikamvere limodzi kwa a Nomsa zimene zingatheke ndi zimene sizingatheke. Choyambacho ndingathe ndekha. Chachiwiricho, pamaso pa malume, lilime langa silingatembenuke. Pakufunika munthu wa pakamwa ngati inu. Munayankhula mokweza powatsutsa, ndikupempha mudzayankhulenso mokweza tsiku limenelo.

Kuno kwatentha kwambiri, mapiri achita utsi, ndipo magetsi akungobwera ngati mlendo. Mbewu ya nsawa ija munasiya ndasunga bwino. Mupereke moni kwa ana onse, muwauze kuti amayi awo aang'ono amawatchula m'mapemphero.

Pali moni wina umene ndakhala ndikuuzengereza, cholembera chili m'manja. Pa msika wa Kapata ndinakumana ndi alamu anga akale, a Philemon. Akalamba, akugulitsa zitseko ndi mipando, ndipo sanakwatirenso chichokereni inu. Anandigulira nthochi, tinacheza za mvula, kenaka potsazikana anafunsa motsitsa mawu, "Kodi akulu anu m'mimba muja munaleka?" Ndinati sindidziwa, pakuti inu simunenanso za zimenezo, ngakhale ndinaona pa Pasaka mmene munkagwirira m'chiuno podzuka pamphasa.

Asisi, a Nomsa atafunsa kumene ndinkachapa ndili mwana, ndinatchula damu la kumudzi kwathu. Sindinawauze kuti kumeneko sindinkapita ndekha. Ine ndinkachapira m'mphepete poopa misundu. Amene ankalowa mpaka m'chiuno kukatsukuluza mabulangete a amayi munali inu.

Sindikuweruza mlandu wanu ndi a Philemon, za m'nyumba mwanu mukuzidziwa ndinu. Mwina ndalakwa kutchula, ndipo ngati mwakwiya mudzandikalipire pamaso, ndidzagwada. Koma a kafukufuku akadali kuno mpaka kutha kwa mwezi, ndipo ndafunsa, akuti amalandira mayi aliyense amene anakulira m'dera lino.

Chonde ndiyankheni lisanadutse Lachinayi. Simufunika kulemba zambiri, mungotumiza pa foni kuti ndikubwera, kapena kuti sindibwera, ndidziwe ngati Loweruka ndikhala ndekha pamphasa. Mukabwera Lachisanu m'mawa, tikhoza kudzera kwa a Nomsa tisanapite kunyumba. Ndidzakudikirani panja, ndidzakugwirirani chikwama.

Ambuye akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Rozaliya